Mwakonzetsa rediyeta koma injini ikutenthabe? Yambani mwakayikira mpweya wotsalira m'kati

Chaka china, m'mwezi wa Okutobala, ndinasinthitsa pampu ya madzi pa Corolla yanga yakale. Mnyamata amene anagwira ntchitoyo anamanga bwinobwino ndithu, panalibe podontha. Atamaliza anatenga chigubu n'kukhuthulira madzi m'rediyeta mpaka pakamwa, n'kutseka, n'kumenya boneti ndi chikhatho. "Bwana, yatheka." Kuthirako sikunathe ngakhale mphindi zitatu. Mawa lake ndinatsikira ku Chikwawa popanda chovuta, poti pamtsetse injini imangopuma. Pobwerera masana, nditangodutsa pa Thabwa n'kuyamba chikweza chija cha ku Blantyre, muvi wa geji unayamba kusuntha. Unakwera, unatsika pang'ono, kenaka unalunjika kofiira. Ndinaimika pambali n'kudikira pafupifupi ola lathunthu. Injini itazizira ndinatsegula rediyeta, ndipo inamwa madzi pafupifupi malita awiri. Pansi panali pouma, mapaipi onse ouma. Ndinadzifunsa kuti madziwo apita kuti. Yankho lake ndinalizindikira mochedwa: sanapite kulikonse, chifukwa sanalowemo n'komwe. Malo awo munali mpweya.

Vutoli amakaniko amalitchula kuti eyaloko, ndipo limabwera mobwerezabwereza kwa anthu amene angosintha kumene rediyeta, pampu ya madzi, themositati (kavalavu kolola madzi kupita ku rediyeta injini ikatentha), paipi, kapena amene angotsukitsa injini m'kati. Mwini galimoto amaganiza kuti anamugulitsa chipangizo chachinyengo. Makaniko naye amathamangira kunena kuti gasiketi, chotseka mpata pakati pa mutu wa injini (hedi) ndi thunthu lake (buloko), yapsa. Nthawi zina n'zoona, koma kawirikawiri cholakwika chimakhala kathiridwe basi.

Chifukwa chake rediyeta imanamiza

Rediyeta si ndowa yoti ukathira mpaka pakamwa ndiye kuti yadzaza. Ndi khomo chabe la njira yaitali yokhotakhota. Madzi amadutsa m'timipata ta m'buloko mozungulira masilinda, amakwera m'hedi, amapatukira ku hita imene ili kuseri kwa dashibodi, n'kubwereranso. Mukakhuthula madzi pokonza, njira yonseyi imadzaza mpweya. Pothira atsopano, mpweyawo umayenera kupeza potulukira, koma injini ikakhala yozizira themositati imakhala yotseka, ngati chitseko pakati pa njira. Madzi amadzaza mbali ya rediyeta, inu mukuona ngati zatheka, pomwe kuseri kwa chitsekocho mpweya wakhazikika pamalo okwera, makamaka m'hedi ndi m'hita.

Mpweya sunyamula kutentha ngati madzi. Pamene pali mpweya, chitsulo chimapsa chokha popanda choziziritsa, ndipo malo amene amayamba kupsa ndi ozungulira mavalavu a ekizozi. Injini zambiri za masiku ano hedi yake ndi ya aluminiyamu, imene siichedwa kupindika ikatenthedwa mbali imodzi. Pampu nayo inapangidwa kuti izikankha madzi, ikakumana ndi mpweya imangozungulira pachabe. Themositati imatseguka phula limene lili m'kati mwake likasungunuka ndi madzi otentha, pa Toyota zambiri pa madigiri 82. Ikazingidwa ndi mpweya imachedwa kutseguka. Choopsa kwambiri ndi sensa yoyeza kutentha. Ikakhala mumpweya m'malo mokhala m'madzi imanena bodza: geji ikhoza kuonetsa kuti zonse zili bwino, fani osayaka, injini ikuphika.

Zizindikiro zake

Chizindikiro chimene ine ndimachikhulupirira kuposa zonse ndi hita. Kunoko ambiri sitiyatsa hita, mwina m'mawa wa Juni ku Dedza kapena ku Mzuzu, ndiye timaiwala kuti ilipo. Koma ndi mboni yabwino. Injini itatentha, tembenuzani hita mpaka kumapeto. Ikamatulutsa mphepo yozizira, kapena yofunda pokhapokha mwaponda moto n'kuzizira mukasiya, dziwani kuti madzi sakufika bwino kumeneko.

Chachiwiri ndi muvi wosakhazikika. Injini yabwino muvi wake umakwera pang'onopang'ono n'kuima pamalo amodzi tsiku lonse. Wa injini ya mpweya umavina, kukwera pachikweza kapena pamzere wa magalimoto, kutsika mwadzidzidzi, kukweranso. Enanu mumamva phokoso kuseri kwa dashibodi ngati m'mimba mwa munthu amene wagona ndi njala, makamaka poliza injini m'mawa kapena pokhota. Kabotolo kosungira madzi kamasefukira mukazimitsa injini, koma m'mawa mukatsegula rediyeta mupeza madzi ali pansi. Mwinanso paipi yam'mwamba imatentha moti simungaigwire pomwe yam'munsi ili yozizira, injini italira kale theka la ola.

Eni ake a Vitz, Passo, Fit ndi timagalimoto tina totere muchenjere kwambiri, chifukwa zambiri mwa izi zilibe geji. Zili ndi kanyale kosonyeza kuti injini ikadali yozizira, ndi kena kofiira. Kofiirako kakamayaka zinthu zimakhala zitafika kale patali. Inu mulibe muvi wokuchenjezani, ndiye hita ndi dzanja lanu pa mapaipi ndizo geji yanu.

Musanathire kanthu

Injini ikhale yozizira, yoti mukhoza kuika dzanja pa hedi osalichotsa. Izi sindikunena mwamwambo chabe. Madzi a m'injini yotentha amakhala opanikizika ndipo amatha kupitirira madigiri 100 osawira. Mukangomasula chotsekera amawira nthawi yomweyo n'kukuthirani kumaso ndi m'manja.

Kenaka yenderani ntchito imene yagwiridwa. Kabawuti kokhuthulira madzi pansi pa rediyeta kamangidwa? Zomangira mapaipi zabwerera pamalo pake penipeni, kuseri kwa kamlomo kotukuka ka paipi yachitsulo? Lamba woyendetsa pampu wakungika? Waya wa fani walumikizidwa? Limeneli musaliseke. Pochotsa rediyeta amayamba azula pulagi ya fani, ndipo kuiwala kuibwezera n'kosavuta. Galimoto imayenda bwino pamsewu waukulu chifukwa cha mphepo, koma ikangoima pamzere wa ku Limbe imawira.

Ngati themositati yasinthidwa, funsani mmene yaikidwira. Mbali ya sipuling'i imaloza ku injini. Pamphepete pake zambiri zimakhala ndi kabowo kokhala ndi kachitsulo kogwedera. Ntchito ya kabowoko ndi kudutsitsa mpweya themositati ikadali yotseka, ndipo popeza mpweya umakwera, kayenera kukhala pamwamba, pamene pamakhala 12 pa wotchi. Kakaikidwa pansi, mudzavutika ndi mpweya mpaka mutamasulanso.

Pali chizolowezi chimene ndimadana nacho, chochotseratu themositati ati chifukwa kuno n'kotentha. Injini yopanda themositati imachedwa kufika pa kutentha kwake koyenera, kompyuta imaona ngati ikadali yozizira n'kumathira mafuta ambiri, ndipo injini imatha msanga. Pa injini zina themositati yomweyo ndi imene imatseka kanjira kachidule, moti ikachotsedwa madzi ena amangozungulira m'injini osapita ku rediyeta. Mwachotsa kuti isatenthe, pachikweza ikutenthabe.

Chothiramo

Madzi okhaokha amaziziritsa, inde, ndipo ndi chifukwa chake anthu ambiri saona cholakwika. Koma amadya injini mwakachetechete. Kulanti, madzi apadera aja ogula othira m'rediyeta, ali ndi mankhwala oteteza dzimbiri, ndipo amakweza mlingo umene madzi amawirira. Zoti amaletsa madzi kuundana ndi nkhani ya ku Japan ndi ku Ulaya kumene magalimotowa amachokera, ife tikufuna ziwiri zinazo.

Taganizirani manambala awa. M'mphepete mwa nyanja yamchere madzi amawira pa madigiri 100. Lilongwe ili pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000, ndipo kumeneko madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96 kapena 97. Ku Dedza, komwe n'kokwera kuposa apo, amawira pa 95. Tsono fani ya magalimoto ambiri imayaka madzi akafika cha m'ma 95 momwemo. Mukuona kuti ndi madzi okhaokha komanso chotsekera chakufa, palibe mpata umene watsala. Kulanti wosakaniza theka ndi theka amawonjezera madigiri angapo, ndipo chotsekera chabwino, chimene chimasunga mphamvu yopanikiza madzi ya 0.9 kapena 1.1 monga zimalembedwera pamwamba pake, chimakankhira mlingowo kupitirira madigiri 120.

Werengani botolo. Kulanti wina ndi wosakaniza kale, ameneyo osawonjezeranso madzi. Wina ndi wokhathamira, wofunika kusakaniza theka kulanti theka madzi. Kuthira wokhathamira yekhayekha si kukonda galimoto, chifukwa payekha sanyamula kutentha bwino ngati ali ndi madzi. Wa Toyota wofiira amabwera wokhathamira, pomwe wapinki, wotchedwa Super Long Life, amabwera wosakaniza kale. Mtundu wa kulanti usakupusitseni, ndi utoto chabe. Awiri obiriwira akhoza kukhala ndi mankhwala osiyana kotheratu, ndipo ena akasakanizidwa mphamvu yawo yoteteza imachepa, mwinanso n'kupanga matope otseka timipata ta rediyeta. Ngati simukudziwa amene analimo, tsukani ndi madzi oyera mpaka otuluka akhale oyera, muyambirenso ndi mtundu umodzi.

Madzi osakanizira akhale otcheza, aja amagulitsa othira m'batire. Ndati madzi, osati asidi, mabotolo ake amakhala pashelefu imodzi ndiye werengani kawiri. A pamjigo ayi. Yang'anani m'ketulo imene imaphika madzi a pamjigo tsiku ndi tsiku muone zoyera zimene zimamatirira pansi. Zomwezo zimamata m'timapaipi ta rediyeta, timene n'tating'ono kuposa chala cha mwana. Madzi a m'mijigo ina ya ku chigwa cha Shire amachita kumveka mchere pakamwa, ndipo mchere ndi aluminiyamu sizigwirizana. Mukasowa otcheza, madzi a mvula oyera osefa bwino ndi abwinopo kuposa a pachitsime.

Kanthu kena kamene ambiri sakadziwa: mukatsuka injini ndi madzi, si onse amene amatuluka. Ena amatsalira m'buloko ndi m'hita. Mukathira kulanti wosakaniza kale pamwamba pa madzi otsalirawo, amasukuluka. Njira yake ndi kudziwa malita amene galimoto yanu imalowa, muthire kulanti wokhathamira wokwana theka la malitawo, kenaka mumalizitse ndi madzi otcheza. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri amalowa malita apakati pa 4 ndi 7. Kudziwa nambala imeneyi kumathandizanso pena: ngati munakhuthula malita 5 koma alowa 3 okha rediyeta n'kuoneka yodzaza, ndiye kuti malita 2 ndi mpweya. Ine masiku ano ndimayeza zimene zatuluka ndisanataye.

Kathiridwe kake

Imikani galimoto mutu uli m'mwamba, pakachitunda kapena pa jeke ndi zochirikiza zolimba. Cholinga n'chakuti pakamwa pa rediyeta pakhale pamwamba kuposa hita ndi hedi, mpweya uzikwera wokha kubwera kwa inu. Ikani hita pa kutentha kwambiri, koma fani yake ikhale yotsika. Eyakoni zimitsani, chifukwa ikayaka imayatsa fani ya rediyeta nthawi isanakwane, ndipo mudzasokonezeka.

Pali fanelo yapadera imene imamangidwa pakamwa pa rediyeta osadontha. Mukaisowa, dulani kumatako kwa botolo la malita awiri, mukulunge pakhosi pake ndi mphira ya chubu kapena tepi mpaka lizilowa mothina pakamwa pa rediyeta. Ubwino wake ndi wakuti madzi amaima m'botolomo pamwamba pa injini yonse, thovu likatuluka madzi amalowa m'malo mwake nthawi yomweyo, ndipo inu mumaona ndi maso zimene zikuchitika.

Injini zina zili ndi kabawuti kotulutsira mpweya, pafupi ndi themositati, pa paipi yam'mwamba kapena pa paipi ya hita. Nissan zambiri, Peugeot, Renault ndi BMW zimakhala nato. Kamasuleni musanayambe kuthira. Poyamba kamatulutsa mpweya, kenaka madzi osakanikirana ndi thovu, kenaka madzi okhaokha oyenda mosadukiza. Pamenepo mangani, koma mwaulemu, chifukwa tina ndi tapulasitiki ndipo timathyoka msanga.

Thirani pang'onopang'ono. Apa ndi pamene mnyamata wanga uja analakwitsa. Mukakhuthula mwamphamvu madzi amatseka khomo lomwe mpweya umafuna kutulukira. Lita imodzi izitenga mphindi yathunthu kapena kuposa. Madzi akaima, finyani paipi yam'mwamba ndi yam'munsi kangapo, ngati mukukama ng'ombe. Mudzaona thovu likukwera ndipo madzi akutsika. Onjezerani, finyaninso, mpaka asiye kutsika. Thiraninso m'kabotolo kosungira mpaka pa mzere wam'mwamba.

Tsopano lizani injini, chotsekera chisanabwerere, fanelo ili ndi madzi pang'ono. Isiyeni ilire yokha. Mphindi zoyambirira sipachitika zambiri, madzi amangokwera pang'ono m'fanelo chifukwa akamatentha amafufuma. Musachoke. Ikafika nthawi yoti themositati itseguke, madzi amatsika mwadzidzidzi, nthawi zina fanelo yonse kuuma, thovu lalikulu n'kutuluka. Khalani ndi kulanti m'manja kuti muwonjezere msanga isanayamwenso mpweya. Gwirani mapaipi onse awiri, tsopano akhale otentha. Samalani zala, malaya ndi nsanza, chifukwa fani yamagetsi imayaka yokha osachenjeza.

Wina akhale m'kati aziyang'ana geji, ndipo nthawi ndi nthawi aziponda moto kufika pa 2,000 kapena 2,500 pa geji yoonetsa kuzungulira kwa injini, kwa masekondi ngati 30, n'kusiya. Pampu ikathamanga imakokolola mpweya wobisala m'hita. Aike dzanja potulukira mphepo, auze inu hita ikayamba kutentha zenizeni ndipo isakusintha akasiya kuponda. Muvi ukapitirira pamalo pake n'kumalowera kofiira, zimitsani, dikirani izizire, muyambirenso. Osakakamira.

Dikirani mpaka fani ya rediyeta iyake n'kuzima yokha, kawiri. Izi zimatenga mphindi 20, mwina 40 kukakhala kozizira. Kuyaka ndi kuzima kwa faniko kumakuuzani zinthu zitatu nthawi imodzi: themositati yatseguka, sensa ili m'madzi, ndipo waya wa fani ndi wolumikiza. Pa magalimoto amene fani yake imayendetsedwa ndi lamba, monga mapikapu ambiri a dizilo, fani imazungulira nthawi zonse, choncho mudalire mapaipi, hita ndi kutha kwa thovu. Thovu likasiya, zimitsani injini. Ine ndimaisiya fanelo pomwepo mpaka injini itazizirako, chifukwa pozizira imayamwanso madzi ena. Kenaka chotsani fanelo, onetsetsani kuti rediyeta yadzaza mpaka pakhosi, tsekani mpaka chotsekera chifike pomalizira.

Tsukani paliponse pamene kulanti watayikira. Ndi wotsekemera koma ndi poizoni woononga impso, ndipo agalu, amphaka ndi ana amakopeka naye. Wakale muike m'chigubu chotseka, osati m'botolo la zakumwa, ndipo osamutaya m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime.

Magalimoto amene ali ndi khalidwe lawolawo

Ena, monga Polo ndi magalimoto ambiri a ku Ulaya, alibe chotsekera pa rediyeta. Kabotolo komweko ndiko kamasunga mphamvu, ndipo mumathirira pomwepo. Njira ndi yomweyo, kungoti musadzaze mpaka pakamwa, imani pa mzere wam'mwamba kuti madzi akafufuma apeze malo. Yang'anani kapaipi kakang'ono kobwezera madzi pamwamba pa kabotoloko. Injini ikamalira kayenera kumatulutsa madzi, kakatsekeka mpweya sutuluka.

Maminibasi, Hiace ndi Caravan, ndiwo amavutitsa kwambiri. Mapaipi ake ndi aatali, ndipo ambiri ochokera ku Japan ali ndi hita yachiwiri kumbuyo kwa okwera. Hita imeneyo ndi nkhokwe ya mpweya. Itseguleni nayonso pothira, ndipo yembekezerani kuti mudzabwereza ntchitoyi kawiri kapena katatu. Madalaivala a minibasi amakhala pachangu, bwana akufuna ndalama ya tsikulo, koma ola limodzi pagalaja silingafanane ndi sabata yodikira hedi yopindika kokaipala kuti iwongoke.

Prius ndi Aqua zili ndi njira ziwiri zosiyana za kulanti, ya injini ndi ya inveta (chipangizo chosintha magetsi a batire kupita ku mota), iliyonse ndi pothirira pake. Komanso injini yake imazima yokha galimoto ikaima, ndiye kuti ilire mosalekeza pamafunika kuiika mu dongosolo lapadera lokonzera. BMW zina zili ndi pampu yamagetsi imene ili ndi ndondomeko yakeyake yotulutsira mpweya injini isakulira. Zoterezi pitani nazo kwa munthu amene anazigwirapo. Magalaja ena ali ndi chipangizo chimene chimayamwa mpweya wonse kaye kenaka n'kukoka kulanti, ndipo pa magalimoto ovutawa ndi njira yabwino kwambiri.

Ntchito imathera m'mawa

Mukatseka, yendani makilomita 10 kapena 15 kufupi ndi kunyumba, hita ili yoyatsa, diso pa geji. Osayamba ulendo wa ku Karonga tsiku lomwelo. Galimoto igone. Usiku injini ikamazizira madzi amanyala, ndipo imakoka ena kuchokera m'kabotolo kudzaza malo amene mpweya wotsala wachoka. M'mawa musanalize, tsegulani rediyeta muone, muwonjezere ngati atsika, mudzazenso kabotolo mpaka pa mzere. Matani katepi pa kabotolo pamene madzi alekezera. Tsiku loyamba kutsika pang'ono n'kwachibadwa. Lachiwiri kuchepe. Pofika lachitatu madzi ayenera kuima pa tepi paja. Muziyeza nthawi zonse injini ili yozizira, galimoto ili pamalo amodzimodzi.

Zikapitirira masiku atatu

Apa ndiye kuti mpweya si wotsalira ayi, ukulowa kuchokera penapake, kapena madzi akutuluka.

Yambani ndi chotsekera cha rediyeta, chifukwa ndi chotchipa ndipo anthu amachinyoza. Chili ndi mavalavu awiri. Yaikulu imatulutsa madzi kupita m'kabotolo mphamvu ikachuluka. Yaing'ono, pakatikati, imatseguka injini ikamazizira kuti madziwo abwerere. Mphira ya chotsekera ikang'ambika, kapena kapaipi kopita ku kabotolo kakakhala ndi mng'alu, injini imayamwa mpweya m'malo mwa madzi, usiku uliwonse. Chizindikiro chake ndi kabotolo kodzaza pomwe rediyeta ili ndi njala. Mukapeza paipi yam'mwamba itaphwatalala m'mawa ngati yapondedwa, valavu yaing'onoyo yamatirira. Gulani chotsekera cha nambala yofanana ndi chakale. Ndipo rediyeta yatsopano isamavale chotsekera cha zaka khumi.

Kenaka sakani podontha. Kulanti akauma amasiya zoyera kapena zofiirira ngati mchere, yang'anani pa zomangira zonse, pamsoko pamene pulasitiki ya rediyeta imakumana ndi aluminiyamu, ndi pansi pa pampu pamene pali kabowo kotulutsa madzi silo yotchinga madzi m'kati mwa pampuyo ikatha. Gwirani kapeti kumapazi a kutsogolo. Ikakhala yonyowa, m'galimoto mukumveka fungo lotsekemera, galasi likuchita nkhungu m'kati, ndiye kuti hita yaboola. Kudontha kwina kumaoneka pokhapokha pali mphamvu, ndiye pagalaja apope ndi pampu yoyezera aone ngati muvi wake ukutsika. Mankhwala othira m'rediyeta otseka mabowo, ngakhalenso nzeru zija zothiramo dzira kapena fodya, zingakufikitseni kunyumba, koma zimatsekanso timipata tabwinobwino.

Chomaliza ndi chimene aliyense amachiopa, gasiketi ya hedi. Kusiyanitsa kwake n'kotere. Thovu la mpweya wotsalira limabwera mwa apo ndi apo, lalikulu, ndipo limachepa mpaka kutha. Thovu la gasiketi silitha. Limabwera laling'onolaling'ono mosalekeza, limachuluka mukaponda moto, ndipo limayamba injini ikadali yozizira. Mukaliza m'mawa, paipi yam'mwamba n'kulimba ngati tayala pasanathe mphindi ziwiri, umenewo ndi utsi wa m'silinda ukulowa m'madzi. Zina ndi utsi woyera wonunkhira kutsekemera umene sutha injini itatentha, injini kunjenjemera poyamba kulira m'mawa, ndi oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka. Koma oyilo akhoza kukhala woyera bwinobwino gasiketi ili yopsa, musadalire chimenecho chokha. Musanalole aliyense kumasula hedi, pemphani ayeze ndi mankhwala a buluu aja amene amaikidwa pakamwa pa rediyeta. Utsi ukakhalamo amasanduka achikasu pa injini ya petulo, obiriwira pa ya dizilo. Kuyezako n'kwa mphindi zochepa.

Dziwaninso kuti nthawi zina gasiketi ndi imene inayambitsa zonse. Rediyeta inaphulika chifukwa utsi unkaipopa, inu mwasintha rediyeta, chifukwa chenicheni chikadalipo. Ngati mapaipi ndi rediyeta zikuphulika motsatizana, osangosintha chachitatu.

Ikatentha muli panjira

Pa Chiweta, pa Khwekhwerere kapena pa chikweza cha Thabwa, muvi ukayamba kukwera zimitsani eyakoni, tsegulani mawindo, yatsani hita ndi fani yake mpaka kumapeto. Mudzatuluka thukuta, koma hita ndi rediyeta yaing'ono imene imachotsako kutentha. Ikamatulutsa mphepo yotentha, madzi alimo, pezani poima pabwino musiye injini ilire yokha pang'ono muone ngati muvi ukutsika. Ikatulutsa yozizira muvi uli m'mwamba, kapena mukaona nthunzi, madzi atha, zimitsani pompo. Tsegulani boneti mosamala, koma chotsekera musachikhudze kwa mphindi zosachepera 30, ndipo paipi yam'mwamba ikhale itafewa. Potsegula ikani chinsanza chokhuthala, potozani pang'ono mpaka poima poyamba, mphamvu ithe, kenaka muchotse, nkhope ili kutali. Musathire madzi ozizira m'injini yotentha, kapena kuikhuthulira ndowa pamwamba monga amachitira ena, hedi imang'aluka. Pamavuto otere madzi alionse oyera ndi abwino kuposa kuyenda youma, ngakhale a pamjigo. Thirani pang'onopang'ono, finyani mapaipi, yendani mofatsa mukuima kawirikawiri. Mukafika kunyumba madziwo akhuthulidwe, ndipo muyambirenso pa fanelo paja.